Tsiku limene amayi anathira okha mchere

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kapena kupitirirapo pang'ono, pamene ndinakhala Yesu. Musaseke. Ndinavala nsalu ya bafuta, ndevu za khonje anandimangirira kumakutu, ndipo anthu a midzi yathu ya kuseri kwa Nzama anandiona ndi maso awo. Amene akadali moyo kawafunseni, akuuzani. Ine ndine Fabiano, chiwongo changa Ngozo. Sukulu ndinaisiya ndisanaizolowere, n'chifukwa chake cholembera ndimachigwira ngati mpini wa khasu, koma pa nkhani ya mawu palibe anandiposa. Ndili mnyamata ndinkati ndikakwera pachulu n'kukuwa, ng'ombe za kutsidya kwa dambo zinkatukula mitu. Mpaka lero pamaliro akafuna wolengeza safunanso wina. Mawu amenewa anandithawa kamodzi kokha moyo wanga wonse, ndipo ndi tsiku limenelo ndikufuna kulemba pano.

Kwathu ntchito yothira mchere mu ndiwo inali yanga. Ana a masiku ano mwina sadziwa. Kale mayi akakhala kumwezi sankathira mchere. Akuluakulu ankati akathira, odya ndiwozo atupa, ayamba kutsokomola, ndiko kudwala tsempho kumeneko. Choncho mayi ankaitana mwana, mwanayo n'kuthira. Zimenezi zinali m'nyumba iliyonse, kwa masiku ochepa, kenaka mayi n'kubwerera ku mchere wake. Koma kwathu sizinkatha. Chibadwire mlongo wanga wotsiriza, amene sanakhalitse n'komwe padziko, amayi anga aNambewe anayamba kutaya magazi osalekeza. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, inakatanso, ine ndili pa mchere.

Poyamba ndinkanyada nazo. Ndinkati ndikamva, "Fabi! Mchere!" ndinkasiya mpira wa masanza pomwepo, liwiro la kunyumba. Ndinkapisa dzanja m'kachitini, amayi ataima chapatali manja ali kumbuyo.

"Onjeza pang'ono. Basi! Basi iwe, ukufuna kutipha?"

Anzanga ndinkawauza kuti kwathu popanda ine sadya.

Kuchipatala cha kumishoni anapita, analandira mankhwala, zinaleka pang'ono n'kuyambiranso. Anawauza kuti akaonane ndi madokotala a chipatala chachikulu, kutali. Ulendo umenewo unkangokambidwa: tikakolola, tikakumba mbatata ya kachewere, kukatentha. Kwa asing'anga nako anafika, anawatema mphini m'chiuno monse mpaka malo kusowa. Amayi anga anali mayi wathupi, wakuda kosalala, wovina msindo mpaka akazi anzawo kuima kuti aonerere. Ndinawaona akutha pang'onopang'ono ngati sopo wa pamwala. Khungu linatuwa ngati phulusa, zikhatho zinayera mbee, chitenje chinayamba kuzungulira kawiri. Kumtsinje analeka kupita pamodzi ndi anzawo. Ankadikira onse abwereko, iwo n'kutsetsereka okha chakumunsi, kumene kunali bango.

Azakhali anga aNangozo, mlongo wawo wa abambo, ndi amene anawonjezera malamulo. Mchere wokha anati sukukwana. Amayi akhale ndi kapu yawoyawo, mbale yawoyawo, mphasa yawoyawo. Ana asamawatsamire. Abambo anasamukira m'kanyumba ka pafupi ndi khola, ati kuti azilondera ng'ombe, chonsecho afisi anali atatha kale m'dera lathu.

M'chipinda cha amayi, pamsomali wa pafupi ndi khomo, panali mkanda wofiira. Ndinkauona ndikamasesa. Nditakula m'pamene ndinadziwa kuti umo ndi momwe akazi ankalankhulira ndi amuna awo osatsegula pakamwa. Wofiira ukapachikidwa, bambo adziwe kuti njira yatsekeka. Ukachoka n'kubwera woyera, ndiye kuti kwacha. Wa amayi sunkachoka. Unachita fumbi, kangaude n'kumangapo nyumba yake.

Masana ena ndikukonza mpanda wa khola, ndinamva azakhali akulankhula ndi abambo, amene ankasema mpini pansi pa mtengo wa pichesi.

"Achimwene, mpaka liti? Ng'ombe zathu zinapita ku Champiti kuti tilandire mkazi, osati chilonda. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, alamu abwerere kwawo. Ana ndi athu, atsala."

Abambo sanatukule mutu. Anangoti, "Ndamva."

Azakhali sankanama pa za ana. Amayi anachita kutengedwa kwawo ku Champiti, ng'ombe zinaperekedwa, ndiye ife tinali a kwa abambo. Amayi akapita, apita okha. Chimanga nthawi imeneyo chinali chitayamba kuweramitsa mitu m'munda. Ana ena ankakondwa poona chikuuma. Ine ndinkapemphera kuti chikhale chachiwisi.

Pa tchalitchi chathu chaching'ono, nthambi chabe ya mishoni, amayi a mumpingo anali ndi chizolowezi chochita sewero kamodzi pachaka, mvula ikatha. Ankachitira pabwalo anthu akatuluka m'mapemphero. Mtsogoleri wawo anali aNachisale, mayi wamasiye, wamfupi, wonenepa, wosasiyana ndi kabotolo ka fodya wa pamphuno. Chaka chimenecho anasankha nkhani imene timaimva m'tchalitchi ija, ya mayi amene anataya magazi zaka zambiri, n'kudzachira atagwira chovala cha Yesu pakati pa khamu. Atafunsa kuti mayi wodwalayo akhala ndani, akazi onse anazolika. Kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kumene amayi anga ankakhala okha, kunakwera dzanja.

"ANambewe, mukudziwa zimene anthu adzanene?"

"Akunena kale. Kusiyana kwake n'koti pano amanena ine kulibe."

Vuto linadza pa Yesu. Tinali naye Yesu wathu wa chaka ndi chaka, a Damiano, bambo wamtali wa ndevu zenizeni, amene ankasenza mtanda Lachisanu Loyera lililonse mpaka akazi kulira. Atamva kuti wodzagwira nsalu yawo ndi aNambewe, anagwedeza mutu ngati ng'ombe yoona goli.

"Mtanda ndisenza, zikoti ndilandira, ngakhale malovu mundilavulire. Koma zondikhudza mayi amene uja, ayi. Ndili ndi ana aang'ono ine."

"Taonani Yesu wamantha!" anatero aNachisale, akazi n'kufa nazo kuseka. "Uja wa m'buku sanathawe, inu a ndevu zokongola mukuthawa!"

Anayesa amuna ena. Uyu ati chifuwa, uyu ati ulendo wa kumsika ku Manjawira. Mapeto ake aNachisale ananunkhiza fodya wawo, n'kuyetsemula, n'kuti, "Kunyumba kwawo amathira mchere ndani? Yemweyo ndiye akhale Yesu. Mawunso ali nawo, amatigonthetsa m'kutu tsiku ndi tsiku."

Umo ndi mmene ndinaupezera udindo. Ndinayenda mudzi wonse chifuwa chili patsogolo.

Tinkakonzekera masana, kuseri kwa tchalitchi. Akazi akakhala okha ndi anthu ena, ndikuuzeni. Poyamba ankandithamangitsa akafuna kukamba zawo, koma kenaka anandiiwala ngati mmene umaiwalira mpando. Ndinamva zambiri. Tsiku lina ankaphunzira kuthamangira Yesu monga khamu, wina n'kuima atagwira pachifuwa.

"Ine zothamanga ayi. Angawa anagwa kalekale, ndikathamanga amandiombera m'manja."

"Ako ndi abwino," anatero mnzake. "Anga ndimachita kupinda ngati nsalu."

"Agwa chifukwa agwira ntchito," anatero aNachisale. "Munaiona nkhokwe yodyetsa mudzi ikukhala yodzaza?"

Ankaseka mpaka kugwirana mapewa, kukankhana, kumenyana pamsana. Amayi anga nawo ankamwetulira, koma ali potero, pamwala wawo. Palibe ankawakankha. Ndinawamva tsiku limenelo akuuza aNachisale motsitsa mawu kuti, "Kunyumba abambo a Fabiano sandifunsa, ndipo ine sindingayambe. Mwina pabwalo adzamva."

Tisanabalalike ankapemphera. Tsiku lomwelo aNachisale anati onse azungulire amayi, awasanjike manja. Akazi aja anayang'anana, kuseka kuja kwathera pompo. ANachisale sanadikire munthu. Anapita okha, n'kuika chikhatho chawo pamimba pa amayi, pamwamba pa chitenje.

"Mimba iyi anaiumba ndi Mulungu, si alamu ako anaiumba. Magazi amene tonse tinasambamo pobadwa, lero akhale chonyansa? Bwerani kuno inu!"

Anabwera mmodzimmodzi, ena ndi nsonga za zala zokha. Amayi anatsinzina. Sanalire mokweza, misozi inkangoyenda yokha. Ine nditaima ndi ndevu zanga za khonje m'manja, ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinaona munthu akuwakhudza amayi. Sindinalipeze.

Anapekanso nyimbo yawo, ya mawu ochepa, yoombera m'manja ngati msindo:

Ndigwire nsalu yokha, Ambuye,
manja anga anthu akana.

Akatekisiti anadandaula kuti maimbidwe amenewo ndi a kumudzi, si a pabwalo la tchalitchi. ANachisale anawayankha kuti Mulungu samva Chilatini chokha.

Tsiku la sewero kunazizira, kuzizira kwa kwathu kuno kolowa m'mafupa. Dzuwa linalipo koma longoonetsa nkhope. Mwera unkaomba m'mabulugamu, masamba ouma akuyenda pabwalo. Amuna anakhala mbali yawo pa njerwa, akazi pansi atafunda zitenje mpaka kumutu. Azakhali anakhala kutsogolo kwenikweni. Ndiye ndinaona abambo. Anali atasiya kalekale kubwera kutchalitchi, koma tsiku limenelo anaima kumbuyo kwa onse, atavala jasi lawo la ku Halale, chibonga chili m'khwapa. Ndinauza amayi. Anangoti, "Ndawaona," n'kumanga bwino mfundo ya pakona ya chitenje chawo.

Sewero linayamba ndi nthabwala. ANachisale anali sing'anga, nsupa ili m'manja, maso akutembenuza, akulanda nkhuku za wodwala, kenaka mbuzi, kenaka ndi mphasa yomwe. Anthu anaseka mpaka ena kugwa panjerwa. Koma wodwalayo atavundukula bulangete kumutu, kuseka kunayamba kuzima ngati moto wa mapesi.

"Si aNambewe amenewo?"

"Eya, ndi iwo. Alibe manyazi."

Kenaka inafika nthawi yanga. Ndinalowa pabwalo, bafuta akukwekwereka pansi, akazi akundipanikiza uku ndi uku monga khamu. Ndinayenda monga anandiphunzitsira, pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba. Kumbuyo kwanga amayi ankakwawa ndi maondo pafumbi, akudutsa pakati pa miyendo ya anzawo. Ndinamva nsalu ikukokedwa pang'ono, kukoka kwa munthu woopa. Ndinaima. Ndinadzaza mpweya m'chifuwa, n'kutulutsa mawu onse amene Mulungu anandipatsa.

"Ndani wakoka nsalu yanga?"

Akhwangwala anauluka m'mabulugamu. Mwana wina analira.

Monga tinakonzera, amayi ankayenera kungoti, "Ndine, Ambuye, ndikhululukireni." Ine n'kuyankha kuti, "Mwana wanga, dzuka, wachira." Akazi n'kuimba, sewero n'kutha. Amayi anagwada patsogolo panga, n'kuwongola msana. Sanayang'ane ine. Anayang'ana pamwamba pa mutu wanga, ngati kuti kumbuyo kwanga kwaima wina wamtali.

"Ndine, Ambuye. Ndine Nambewe wa ku Champiti, mkazi wa aNgozo. Poti mwafunsa, ndinena, chifukwa chiyambire palibe anandifunsa."

ANachisale anatsokomola kuti awakumbutse mawu. Amayi sanatembenuke.

"Sindinabe. Sindinayende ndi mwamuna wa mwini. Ndinangobereka mwana, mwanayo munamutenga, magazi n'kutsala. Ndili ndi kapu yangayanga ngati wakhate. Ana anga ndimawaphikira, koma kukoma kwa ndiwo amaika ndi mwana. Thupi ili kale linkakondedwa, Ambuye. Alipo munthu pano amene ankayenda mtunda wautali kudzaliona likuvina. Anandigulira mikanda ku Halale, wofiira ndi woyera."

Anamasula mfundo ija ya pachitenje. Anatulutsa mkanda wa pamsomali uja, fumbi lake lili pompo, n'kuuika pansi, pafupi ndi mapazi anga.

"Uwu ndatopa nawo. Woyera ndinausunga, ukudikirabe. Akuti chimanga chikalowa m'nkhokwe ndizipita kwathu. Ine sindikukuumirizani kuti mundichiritse lero. Ndikungofunsa: kodi thupi ili ndi lanube, kapena nanunso mwalitaya?"



Inali nthawi yanga yoyankha. ANachisale ananong'oneza kumbuyo kwanga, "Mwana wanga, dzuka, wachira. Nena iwe!" Ndinatsegula pakamwa. Ine Fabiano, woitana ng'ombe kutsidya kwa dambo, mawu anandithawa. Mmawa womwewo ndinali nditaona tinsalu ta amayi ta kumwezi titayanikidwa kuseri kwa nthochi, kumene ankatibisa. Ndikanati "wachira" bwanji, pamaso pa anthu onse aja, kwa munthu amene wangonena zoona zokhazokha? Ndinayesanso. Panangotuluka mpweya.

Ndinawerama, n'kuwagwira manja onse awiri. Anali ozizira, opepuka ngati mapesi. Ndevu zija zinamasuka khutu limodzi n'kulendewera. Ndinati, motsitsa, moti anamva ndi a kutsogolo okha:

"Amayi, dzukani. Pansi pakuzizira."

Anadzuka. ANachisale anayambitsa nyimbo ija, akazi n'kulandira. Anawazungulira amayi, aliyense akuwagwira, uyu paphewa, uyu pamsana, uyu m'chiuno, tsopano ndi zikhatho zonse. Akazi ena a m'gulu la oonerera ananyamuka n'kulowa m'bwalo, akulira, ena mwa iwo oti sindinkawaganizira n'komwe. Enanso anakoka ana awo n'kuchoka. Azakhali analavula pansi, n'kukutumula chitenje chawo. Ndinafufuza abambo ndi maso. Anali atavula chipewa, atachigwira ndi manja awiri, akuyang'ana pansi. Anaima choncho mpaka nyimbo inafika pakati, kenaka anatembenuka n'kulowa njira ya kumudzi.

Ndinaganiza kuti kuvula chipewa kuja ndi chizindikiro chabwino. Amayinso ndikhulupirira anaganiza chimodzimodzi, chifukwa pobwerera ankayenda mofulumira, ine kuchita kuwathamangira.

Atafika anatereka nyemba zimene anaphika mmawa. Anaphikira panja, pamafuwa a pabwalo, poonekera aliyense. Ine ndinakhala pafupi kudikira mawu anga aja a masiku onse. Sanabwere. Amayi analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachitini kaja, anapisamo dzanja lawo, n'kuwaza mchere mumphika. Anatakasa, anadonthezera msuzi pachikhatho, analawa. Anawonjezera pang'ono. Abambo anali pakhonde, anaona zonse. Azakhali anali pamtondo potero, nawonso anaona.

Amayi anapakula, anabweretsa mbale pakhonde pamene ine ndi abambo tinkadyera, anagwada, anaika madzi osamba m'manja, n'kubwerera kukakhala pafupi ndi mafuwa. Sanayang'ane kwa ife. Ankangosalaza phulusa ndi kamtengo.

Azakhali anafika munsi uli m'manja.

"Achimwene, mwaona? Pabwalo watichititsa manyazi, pano akufuna kutipha."

Abambo anasamba m'manja. Anatema mbamu ya nsima, anaiumba bwinobwino, anaiboola ndi chala chachikulu monga ankachitira akafuna msuzi wambiri. Dzanja linanyamuka kupita kumbale ya nyemba. Ndinaliyang'ana dzanja limenelo ngati mmene umayang'anira munthu wowoloka mtsinje wodzaza. Linafika pamwamba pa mbale, n'kuima. Nthunzi ya nyemba inkawanyowetsa zala.

"Mukadya, ana awa alera ndani?" anatero azakhali.

Dzanja lija linakhala pamenepo kanthawi, kenaka linabwerera. Abambo anaika mbamu ija pambali pa mbale, anasambanso m'manja, anatenga chibonga chawo n'kupita kukhola. Sanakalipe, sanatukwane. Abambo anga sanali munthu wankhanza. Anali munthu wamantha, ndipo mantha awo anawaphunzira kwa anthu amene ankawakonda.

Ine ndinadya. Ndisaname, ndinkaopa. Azakhali anakuwa, "Iwe Fabiano, siya!" Koma ndinatenga mbamu ya abambo ija, ndinaisunsa, ndinameza. Ndinadya gawo langa, ndinadya la abambo, ndinapukuta mbale ndi chala. Amayi anabwera kudzatenga mbale.

"Zakoma?"

"Zakoma, amayi."

"Iwe unkachulutsa mchere," anatero, n'kuseka pang'ono. Kumeneko kunali kuseka kwawo kotsiriza kumene ine ndinamva.

Masiku otsatira ndinkadzuka n'kudzigwira m'masaya, kudzitsina m'mapazi, kuona ngati ndayamba kutupa. Ndikatsokomola kamodzi, azakhali ankati, "Mwamva? Chayamba." Sichinayambe. Ndine pano, ndakalamba, mano okha ndi amene anatha.

Koma chimanga chinauma. Tinakolola, tinatuta pangolo, chinalowa m'nkhokwe. Mmawa wina amalume anafika kuchokera ku Champiti. Abambo anali atalawirira kudibi kukasambitsa ng'ombe, tsiku losakhala la dibi. Amayi anamanga kamtolo kawo: zitenje, kapu ija, mbale ija. Mphasa anaisiya. Ine ndi azing'ono anga tinawaperekeza mpaka pamtsinje. Pamenepo anatigwira mmodzimmodzi kumutu, kumaso, m'mapewa, nthawi yaitali, ngati akubweza ngongole ya zaka zonse zija. Kwa ine anati, "Uziwayang'anira anzakowa. Ndipo usamakuwe kwambiri, umadzidzimutsa nkhuku." Anawoloka. Amalume anali patsogolo, iwo pambuyo, akupumira panjira.

Mvula yoyamba itagwa, anthu akudzala, kunabwera uthenga wakuti amayi atisiya. Tinapita kukaika maliro. Abambo anakhala kumbuyo kwa amuna onse, chipewa chili m'manja ngati tsiku lija. Patapita nthawi anakwatira wina, mayi wabwino ndithu, sindimunena. Koma ngoma, imene ankavina mpaka fumbi kukwera, sanavinenso. Chishango chawo chinadyedwa ndi njenjete padenga. Za amayi sanatchulepo mpaka kufa kwawo, nanenso sindinawafunse.

Nditakula, ndili pafupi kukwatira, aNachisale anandiitanitsa. Anali atakalamba kwambiri, maso atachita khungu, koma kabotolo kaja kali pompo.

"Ndiwe Yesu wathu uja?"

"Ndine, amayi."

"Khala pansi. Ukutenga mkazi, ndiye pali chimene uyenera kudziwa. Ku Champiti kuja, osambitsa thupi la amayi ako tinali ife a sewero. Enawo anaima panja, ankaopabe ngakhale munthu atazizira. M'kathumba kawo tinapezamo mkanda woyera, atakulunga m'kansalu, watsopano ngati wogula dzulo. Tinawasambitsa bwinobwino, tinawadzoza mafuta thupi lonse, tinawaveka m'chiuno. Amayi ako anapita kwa Mulungu atavala woyera."

Ndinafunsa za wofiira uja.

"Ndinautola ine pabwalo. Ndinauponya m'mtsinje."

Chimene chandipangitsa kugwira cholembera ndi ichi. Posachedwapa ndinali pamsika ku Manjawira. Mdzukulu wanga wamkazi ali m'gulu la achinyamata ochita masewero, ndipo tsiku limenelo ankachita la mayi wobisa matenda a m'chiberekero chifukwa choopa mwamuna wake. Mwanayo anaima pakati pa msika n'kumatchula zinthu ndi maina ake, osaphethira. Amuna ena pa shopu ya telala anayamba kuseka, ati atsikana a masiku ano akulaula masana. Ndinadzaza mpweya m'chifuwa. "Khalani chete inu! Munabadwira m'dzungu?" Msika wonse unatembenuka, ndi mbuzi zomwe. Mawu ndikadali nawo. Koma pobwerera panjinga ndinaima panjira, pansi pa mtengo, chifukwa maso sankaona bwino.

Ine ndine Mngoni, mwambo ndimaulemekeza, ndipo amene angandiphunzitse mwambo sanabadwe. Koma mwambo wa mchere anaupangira masiku ochepa. Sanaupange kuti ukhale khola lotsekeramo munthu mpaka afe. Mkazi wanga, malemu aNaphiri, anathira mchere m'nyumba mwanga masiku onse a moyo wake, ndipo tsiku limene anandiuza kuti m'mimba simuli bwino, ng'ombe zinagona ndi njala, ife tili pa ulendo wa kuchipatala.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti sewero lija linalephereka chifukwa ine sindinanene mawu anga. Ndinkati mwina ndikanakuwa kuti "wachira", kumwamba kukanamva. Pano ndikudziwa kuti amayi sanakwawe pafumbi paja kufuna chozizwitsa kwa mwana wa ndevu za khonje. Ankafuna munthu wowafunsa, ndipo poti m'nyumba munalibe, anakamupeza m'sewero. Funso lawo lija akazi anzawo analiyankha ndi manja, kawiri: pabwalo, ndi ku Champiti. Linatsala yankho la munthu mmodzi, amene iwo anamuphikira nyemba.

Dzanja la abambo linafika. Ndinaliona ine, ndinali pompo. Pakati pa mbamu ija ndi msuzi panatsala mpata wosakwana chala changa chaching'ono. Ndayenda maulendo ambiri pa moyo wanga, a pansi, a pangolo, a panjinga, koma mtunda wautali kuposa umenewo sindinauonepo.